Timbale ta mono ta The Beatles: koyamba kenikeni timakadziwa bwanji?

Mbewe (Leeds):
Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhala mukusonkhanitsa timbale ta The Beatles kwa zaka zambiri. Munthu wina wogulitsa zinthu zakale pamsika kuno akufuna kundigulitsa kambale ka nyimbo ya Love Me Do ka lebulo yofiira ya Parlophone (nthambi ya kampani ya nyimbo ya EMI), nambala yake R 4949, ndipo akunenetsa kuti ndi koyamba kenikeni ka mu Okutobala 1962. Mtengo umene watchula ndi woboola m'thumba ndithu. Anandilola kukamvera pa makina ake, ndipo kakumveka bwino zedi, moti mpaka tambolini ikumveka poyera kumbuyo kwa mawu a oimbawo. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti kambaleko kakuoneka katsopano kuposa msinkhu wake. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanatulutse ndalama?

Gogo Chisale:
A Mbewe, ndalama yanuyo isungeni, chifukwa yankho mwalipereka nokha pamene mwatchula tambolini. Nyimbo imeneyi inajambulidwa kangapo ku situdiyo ya EMI ya pa Abbey Road. Pa 4 Seputembala 1962 anaijambula Ringo Starr, woimba ng'oma wa gululi, akuimba ng'oma, ndipo m'menemo mulibe tambolini. Patapita sabata imodzi, pa 11 Seputembala, anaijambulanso ndi woimba ng'oma waganyu wochokera ku Scotland dzina lake Andy White, ndipo Ringo anangopatsidwa tambolini kuti asakhale manja lende. Kambale koyamba, kamene kanatuluka pa 5 Okutobala 1962 n'kufika pa nambala 17 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, kanali ndi ng'oma za Ringo. Za Andy White zinapita pa chimbale cha Please Please Me cha 1963, ndipo pafupifupi zonse zimene zinatuluka pambuyo pake zinatengera zimenezo.

Tsono mu 1982, pokumbukira kuti papita zaka 20, EMI inatulutsanso kambaleka ndi lebulo yofiira yofanana ndi yakale ija, koma nyimbo imene anaikamo inali ya Andy White. Ndikukhulupirira kuti kamene mwaonako ndi kameneko. Si kabodza ayi, ndi ka EMI ndithu, koma mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa ka 1962. Kampaniyo yeniyeni inasokonezekanso pa nkhani yomweyi mu 2012, pamene inadinda timbale tokumbukira zaka 50 ndi nyimbo ya Andy White, n'kuchita kutibweza kuchokera m'masitolo kuti idindenso ndi ya Ringo.

Nabanda:
Ndionjezere pa zimene Agogo anena, chifukwa apa ndi pamene pagona phindu la timbale timeneti. Tepi yoyambirira ya nyimbo ya Ringo ija kulibe, inatayika kapena inafufutidwa kalekale ku EMI. Pamene kampaniyo inafuna kuitulutsanso m'zaka za m'ma 1980, kuphatikizapo pa CD ya Past Masters ya 1988, inachita kujambula mawu kuchokera pa kambale kakale kosungidwa bwino. Kunena kwina, amene ali ndi kambale ka 1962 kosakalikakalika ali ndi chinthu chimene chili pafupi ndi gwero kuposa chilichonse chimene mwini wake wa nyimboyo ali nacho m'nkhokwe zake. N'chifukwa chake ine ndimakana anthu akamati kusonkhanitsa timbale ta mono (ta mawu otuluka mbali imodzi) n'kungokonda zinthu zakale basi.

Mbewe (Leeds):
Zikomo kwambiri Agogo ndi inu Mayi Nabanda. Kambale kaja ndikasiya. Koma kukanakhala kuti wogulitsayo alibe makina omvetsera, ndikanadziwa bwanji ndi maso okha?

Gogo Chisale:
Mukanatembenuzira kambaleko kowala n'kuyang'ana malo osalala amene ali pakati pa mzere womaliza wa nyimbo ndi lebulo. Pamenepo fakitale ya EMI ya ku Hayes, kumadzulo kwa London, inkadindapo zizindikiro zing'onozing'ono zimene zimafuna diso lakuthwa kapena galasi lokulitsira zinthu. Mukagwira kambale ngati nkhope ya wotchi, pa 6 koloko pamakhala nambala ya matrix (yozindikiritsa mbale imene nyimbo inasemedwapo), imene pa timbale ta mono ta Parlophone imayamba ndi 7XCE ndipo imathera ndi kamzere ndi nambala, monga -1N, kusonyeza kusema koyamba. Pa 9 koloko pamakhala nambala imodzi, ndipo pa 3 koloko pamakhala chilembo chimodzi, ziwiri kapena zitatu.

Kuti zimenezi zimveke, kumbukirani mmene kambale kamapangidwira. Nyimbo imasemedwa kamodzi pa mbale yofewa, kuchokera pamenepo amaumba mbale yachitsulo imene amaitcha mayi, ndipo kuchokera kwa mayiyo amapanga zikombole zimene zimadinda pulasitiki yotentha. Chikombole chimatha monga chimathera cha njerwa, m'mbali mwake mumayamba kuphwanyika, ndiye amachichotsa n'kuika china. Nambala ya pa 9 koloko ija ndi ya mayi, pamene zilembo za pa 3 koloko ndi za chikombole, ndipo zimawerengedwa potsatira mawu akuti GRAMOPHLTD: G ndi 1, R ndi 2, A ndi 3, mpaka T amene ndi 9 ndi D amene ndi 0. Motero mukaona G yekha, ndiye kuti ndi chikombole choyamba, GD ndi cha nambala 10, RA ndi cha nambala 23. Osonkhanitsa ambiri amalimbirana kambale ka mayi 1 ndi chikombole G.

Palinso zilembo za msonkho umene boma la Britain linkadula pa katundu wogulidwa, lisanabweretse VAT mu 1973. Zimapezeka pa lebulo kapena zotukuka pafupi ndi bowo. ZT ndi ya 1962, MT ndi ya miyezi yoyambirira ya 1963, ndipo KT inayamba mu Julayi 1963 n'kukhalapo zaka zingapo. Kambale kofiira ka Love Me Do kamene kalibe chilichonse mwa zimenezi kakupatseni maganizo.

Kamanga (Joni):
Agogo, pa nkhani ya zikombole ndikupempha kusiyana nanu pang'ono, mwaulemu wonse. Ine ndamverapo timbale ta She Loves You tiwiri motsatizana, kena ka zilembo zoyambirira, kena ka zilembo zitatu, ndipo kamene kanamveka bwino kanali ka zilembo zitatu, chifukwa mwini wake woyamba ankakasamala. Chimene chinapha timbale ta m'zaka za m'ma 1960 si chikombole ayi, koma makina a Dansette ndi ena otere amene achinyamata a nthawi imeneyo anali nawo m'zipinda zawo, a mkono wolemera ndi singano yakutha imene sinkasinthidwa chaka ndi chaka. Ena ankafika poika khobidi pamwamba pa mkonowo kuti usamalumphe. Kambale kotero mukakayang'ana kamawala, koma mukakaika pa makina, mawu okwera onse amamveka ngati akung'ambika, ndipo palibe kutsuka kumene kungakonze zimenezo chifukwa makoma a timizere anakumbika kale. Ndiye kwa amene akufuna kumvera, mbiri ya mmene kambale kanasungidwira imaposa chilembo G.

Gogo Chisale:
Pamenepo sitikutsutsana kwenikweni, a Kamanga. Zilembozo zimatiuza nthawi imene kambale kanadindidwa, sizilonjeza za mawu. Koma msika umalipira zilembo, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene akulipirira.

Nachisale:
Ine ndine wachilendo pa nkhani zimenezi, ndiye mundikhululukire ngati funso langa ndi lachibwana. N'chifukwa chiyani munthu angafune mawu otuluka mbali imodzi pamene nyimbo zomwezo zilipo mu stereo (mawu otuluka mbali ziwiri), zoyeretsedwa bwino, pa intaneti?

Nabanda:
Funso lanu ndi labwino achemwali, ndipo ndilo likulu pa zonse zimene tikukambiranazi. Nyimbo ya mono si ya stereo imene yangophatikizidwa kuti ituluke pa sipika imodzi. Ndi ntchito ina yapayokha, yosakanizidwa payokha, ndipo kwa The Beatles, mpaka cha m'ma 1968, imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni. Anthu ambiri ogula timbale ku Britain anali ndi makina a sipika imodzi, wailesi zimene ankamvera, monga Radio Luxembourg ndi Radio Caroline imene inayamba kuulutsa mawu kuchokera pa sitima ya panyanja mu 1964, zinali za mono, choncho George Martin, amene ankayang'anira kujambula nyimbo za gululi, ndi anyamatawo ankathera nthawi yawo pa mono. Ya stereo nthawi zambiri inkapangidwa pambuyo, mofulumira, eni ake kulibe.

Zotsatira zake zimamveka ndi khutu wamba. Pa kambale ka Help! ka mu Julayi 1965, nambala R 5305, mawu a John Lennon si omwewo amene ali pa stereo, anaimba ulendo wina. Pa Paperback Writer ya mu Juni 1966, R 5452, besi ya Paul McCartney inajambulidwa pogwiritsa ntchito sipika ngati maikolofoni kuti imveke yonenepa, ndipo pa kambale ka mono gitala, besi ndi ng'oma zimabwera pamodzi ngati chinthu chimodzi cholemera, pamene pa stereo yakale zina zinakankhidwira kumanzere zina kumanja, pakati n'kutsala mphako. Revolution, imene ili kuseri kwa Hey Jude, ndi chimodzimodzi: magitala ake okalipa aja amaluma pa mono, pa stereo amamveka ofatsa.

Ndiye pali nyimbo zina zimene stereo yake yeniyeni kunalibe n'komwe. Matepi a She Loves You, imene inatuluka pa 23 Ogasiti 1963, anasowa, moti kwa zaka zambiri chimene chinkagulitsidwa ngati stereo chinali mono yomweyo yogawidwa mwachinyengo, mawu otsika mbali ina, okwera mbali ina. Zinatheka kuigawa bwino mu 2023 pogwiritsa ntchito makompyuta a kampani ya wopanga mafilimu Peter Jackson, koma imeneyo ndi ntchito ya masiku ano, si imene anthu anamva mu 1963. I Am the Walrus, ya kuseri kwa Hello, Goodbye, ili ndi nkhani yakeyake: pa 29 Seputembala 1967, akusakaniza mono, analowetsamo mawu a sewero la King Lear limene linkaulutsidwa pa wailesi ya BBC nthawi yomweyo, ndipo popeza zimenezo sizikanabwerezeka, theka lomaliza la stereo yakale linangotengedwa ku mono.

Mphunzitsi Zulu:
Mayi Nabanda afotokoza bwino, koma ndikufuna kuchenjeza a Nachisale ndi ena ongoyamba kumene kuti asasokoneze chinthu chakale ndi chinthu chosowa. She Loves You inagulidwa timbale toposa miliyoni imodzi ku Britain kokha, ndipo palibe kambale kanaiposa kumeneko mpaka 1977. I Want to Hold Your Hand, R 5084, inali itaitanitsidwa kale ndi masitolo timbale toposa miliyoni isanatuluke n'komwe pa 29 Novembala 1963. Timbale totere tili mbwee m'masitolo a zinthu zakale, ndipo munthu asakunamizeni kuti ndi chuma chifukwa chakuti padutsa zaka 60. Kufunika kwake kunali kwakukulu moti fakitale ya ku Hayes inkalephera kukwanitsa yokha, n'kumapereka ntchito ina kwa makampani opikisana nawo monga Decca, Pye ndi Oriole, ndipo chodabwitsa n'chakuti timbale todindidwa ndi alendowa ndi timene tili tosowa kuposa ta EMI.

Tosowa tenitenito ndi tina. Pali timbale ta chitsanzo timene tinkatumizidwa ku wailesi ndi kwa atolankhani nyimbo isanafike m'masitolo. Ka Love Me Do kali ndi lebulo yoyera ya chilembo chachikulu A chofiira, tinadindidwa pafupifupi 250, ndipo dzina la McCartney linalembedwa molakwika kuti McArtney. Kameneko kakapezeka kenikeni kamagulidwa mapaundi masauzande. Ku America, kumene Capitol, kampani ya EMI ya kumeneko, inayamba yakana gululi, nyimbo zoyamba zinatuluka pa makampani ang'onoang'ono: Please Please Me pa Vee-Jay 498 mu Febuluwale 1963, dzina la gulu litalembedwa ndi T awiri kuti Beattles, ndi She Loves You pa Swan 4152 mu Seputembala chaka chomwecho. Pamene tinkatuluka sitinagulidwe kwenikweni, n'chifukwa chake lero toyambirirato n'tosowa, ndipo n'chifukwa chakenso tabodza ta Vee-Jay ndi Swan tachuluka kwambiri pamsika. Palinso kachitsanzo ka Capitol ka Penny Lane ka 1967, kamene kali ndi kulira kwa lipenga kowonjezera kumapeto kumene kanachotsedwa pa timbale togulitsa.

Tembo (Chipata):
Ndathokoza a Mphunzitsi. Ine ndili ndi timbale tingapo ta gululi timene malemu bambo anga aang'ono anabwera nato kuchokera kumigodi ya ku Joni pamodzi ndi gumbagumba yawo. Lebulo yake ndi ya Parlophone ndithu, koma nambala zake siziyamba ndi R monga mukunenera, zikuyamba ndi SPD. Kodi timeneti ndi tabodza?

Kamanga (Joni):
Ayi achimwene, si tabodza. SPD ndi nambala zimene Parlophone inkagwiritsa ntchito ku South Africa, ndipo timbale tina ta mtundu womwewo tinadindidwa ku Rhodesia, choncho werengani tizilembo ta m'mphepete mwa lebulo kuti muone dziko limene latchulidwa. EMI inali ndi nthambi m'mayiko ambiri, ndipo inkatumiza tepi kapena zitsulo zodindira kuti nthambi iliyonse idzipangire yokha, moti nthawi zina nyimbo zimene zinaikidwa pamodzi pa kambale kamodzi zimasiyana ndi za ku Britain. Osonkhanitsa a ku Ulaya ndi ku Japan amafuna timbale ta mayiko otere chifukwa tinadindidwa tochepa ndipo tambiri tinawonongeka ndi dzuwa ndi fumbi. Kumbukiraninso kuti mu Ogasiti 1966 wailesi ya boma ya SABC inaletsa nyimbo za The Beatles chifukwa cha zimene John Lennon ananena poyerekeza kutchuka kwa gululi ndi kwa Yesu, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka 1971. Amene ankafuna kumva nyimbo zimenezi kuno m'zaka zimenezo ankadalira timbale kapena LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo.

Pempho langa n'lakuti musatitsuke ndi palafini kapena sipiriti monga ena amachitira. Madzi oyera ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale n'zokwanira, mukupukuta ndi kansalu kofewa motsatira timizere, osanyowetsa lebulo. Mutisunge choimirira, kutali ndi denga la malata, ndipo ngati timatumba take ta pepala tidakalipo chiswe chisanatipeze, musatitaye ngakhale titang'ambika, chifukwa kathumba koyambirira kamawonjezera mtengo.

Gogo Chisale:
Pa za mayiko ena, tosiririka koposa kwa ine ndi ta ku India. Kumeneko midzi yambiri inalibe magetsi ndipo anthu ankagwiritsabe ntchito galamafoni yopukusa ndi dzanja, choncho fakitale ya EMI ya ku Dum Dum, pafupi ndi Calcutta, inkadinda nyimbo za The Beatles pa mbale zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi, pamene ku Britain mbale zotero zinali zitasiyidwa kale. Zimasweka zikangogwa, zimafuna singano yakeyake yokulirapo, ndipo sipiriti imene a Kamanga atchula imazisungunula.

Nachisale:
Ndamva tsopano. Nanga makina anga ndi a stereo a masiku ano. Kodi angawononge kambale ka mono?

Nabanda:
Sangawononge, bola singano ikhale yabwino ndipo mkono usalemere kupyola muyezo umene opanga ananena. Chovuta chimachitika mukatembenuza zinthu, kuika kambale ka stereo pa makina akale a mono. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimathandiza kwambiri. Pa kambale ka mono, nyimbo yonse ili m'kugwedezeka kwa singano cham'mbali, pamene singano ya stereo imamvanso kugwedezeka kokwera ndi kutsika, kumene pa kambale kotere kulibe nyimbo, kuli fumbi ndi zokalika zokha. Ngati chokuzira mawu chanu chili ndi batani lolembedwa mono, lidineni, ndipo mudzamva phokoso lambiri la thetheya likuchepa pomwepo. Ngati palibe, pali tizingwe tophatikiza mbali ziwirizo totsika mtengo. Singano ya nsonga yobulungira imakhululukira timbale totopa kuposa zija zosongoka kwambiri zokwera mtengo.

Ndinenenso, ngakhale ena pano sakondwa nazo, kuti amene akungofuna kumva mono weniweni sakufunika kusaka timbale ta 1963. Bokosi la The Singles Collection la mu Novembala 2019, la timbale 23, linasemedwa ku Abbey Road kuchokera ku matepi a mono pa nyimbo zimene zinatuluka mu mono, ndipo pa CD pali The Beatles in Mono ya 2009. Ine ndili ndi zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo Paperback Writer yakale ndimaikondabe chifukwa inasemedwa mokweza ndi molimba mtima, koma sindinganene kuti yatsopanoyo ndi yachabe.

Mphunzitsi Zulu:
Pogula pa intaneti, samalaninso ndi mawu ofotokoza mmene kambale kalili, chifukwa pali miyezo iwiri. Magazini ya Record Collector ya ku London imagwiritsa ntchito Mint, Excellent, Very Good n'kumatsika, pamene Discogs, msika wa timbale wa pa intaneti, imatsatira muyezo wa magazini ya Goldmine ya ku America umene uli ndi Near Mint ndi VG+. Kambale kolembedwa Very Good kamakhala kataseweredwa kwambiri ndithu, ndipo kolembedwa Good nthawi zambiri n'kongosunga, osati komvera. Funsani ngati wogulitsayo anakamvera kapena anangokayang'ana, ndipo mupemphe chithunzi cha malo osalala aja amene Agogo afotokoza. Lebulo nayonso ili ndi zaka zake: timbale tiwiri toyamba tinayamba ndi yofiira, yakuda inabwera mu 1963, mawu oyamba ndi akuti Sold in U.K. anawonjezedwa mu 1964 n'kuchotsedwa mu 1969, ndipo dzina la m'mphepete linasintha kuchoka pa The Parlophone Co. Ltd. kupita pa The Gramophone Co. Ltd. mu 1965. Kambale ka nyimbo ya 1963 kamene kali ndi lebulo ya mawu a 1965 ndi kenikeni, koma kanadindidwa mochedwa.

Tembo (Chipata):
Kwa munthu amene akufuna kukhala ndi mndandanda wonse wa ku Britain wa mono, ayenera kusaka timbale tingati, ndipo amalekezera pati?

Gogo Chisale:
Gululi lisanathe linatulutsa timbale 22 ku Britain, ndipo 19 toyamba ndi ta mono, kuyambira R 4949 mpaka Get Back, R 5777, ya pa 11 Epulo 1969. Lady Madonna ya mu Malichi 1968 ndiyo yomaliza ya lebulo ya Parlophone, chifukwa kuyambira pa Hey Jude lebulo inakhala ya apozi wa Apple, kampani ya gululi, ngakhale nambala zinapitirira kuyamba ndi R. Get Back yomweyo ku America inatuluka mu stereo, choncho amene akufuna mono atenge ya ku Britain. The Ballad of John and Yoko ya pa 30 Meyi 1969 ndiyo yoyamba ya stereo ku Britain. Amene akufuna Strawberry Fields Forever ndi Penny Lane ayesetse kupeza ka m'kathumba ka chithunzi, pakuti 250,000 toyamba tokha ndi timene tinatuluka motero.

Nabanda:
Agogo, ine ndimawerenga 19 ndi theka. Let It Be ya pa 6 Malichi 1970, R 5833, kutsogolo ndi stereo, koma You Know My Name imene ili kuseri kwake ndi mono, ndiye a Tembo asiye malo a kambale kameneko pa shelefu yawo.